Wotsokomola Salowa pa Geti

MUTU WACHISANU NDI CHIMODZI

1. Anthu a ku Chifunga

Ankamutchula Mafunso. Dzinalo anamupatsa ali kupulaimale, chifukwa m'kalasi dzanja lake silinkatsika. Tsopano mayeso a sekondale anali atalemba. Zotsatira zinali zisanatuluke. Podikira, anapeza kantchito kothandiza mayi wina wa ku yunivesite pa kafukufuku wake.

Mayiyo anali dokotala wa mabuku. Jakisoni sankabaya. Funso lake linali limodzi. Kodi ntchito imene munthu amagwira, ndi zimene ali nazo m'nyumba, ndi zimene zimasankha amene adwale ndi amene akalambe? Anali atayendera mabanki, misika ndi masukulu. Mwezi umenewu anali pa fakitale ya mabulangete.

Anawapatsa kachipinda kuseri kwa kiliniki ya kampani. Munali tebulo limodzi, mipando itatu ndi sikelo. Munalinso kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo, kamene antchito ankangokatcha chitoliro. Munthu amakoka mpweya, n'kuuziramo mwamphamvu, nambala n'kuoneka.

Mafunso ankaitana mayina pa mndandanda wochokera ku ofesi. Ankafunsa za pa fomu. Ankasintha kapulasitiki ka pakamwa pa chitoliro. Basi.

Lachinayi masana, Adokotala anatembenuza kompyuta yawo.

"Tabwera uone, Mafunso. Izi zikundizunguza mutu. Mzere uwu ndi wa makalaliki a mu ofesi. Uwu ndi wa aganyu a m'chipinda chopesera thonje."

"Ku Chifunga," anatero Mafunso. Aliyense ankachitchula choncho chipindacho. Fumbi la thonje limayera moti mnzako wa pa makina achitatu sumuona nkhope.

"Eya, kumeneko. Tayeza anthu makumi asanu ndi limodzi. Wotsokomola ndi mmodzi yekha. Mapapo awo akuposa a makalaliki."

Nthawi yomweyo analowa bwana woyang'anira antchito, kapu ya tiyi ili m'manja. Anasuzumira pa kompyuta. Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa fomu.

"Ndimanena ine. Anthu osauka ndi olimba, Adokotala. Fumbi ndi chakudya chawo. Ovutika ndife a mu ofesi. Shuga, msana, kuthamanga kwa magazi. Tsamba limeneli mutipatseko. Oyendera mafakitale akubwera mwezi wamawa. Akhala akutilondalonda kuti tigule makina okoka fumbi. Adzaone okha."

"Sindinamalize," anatero Adokotala.

"Manambala sanama, mayi."

Mafunso anafinya kapulasitiki kamene kanali m'dzanja lake mpaka kanang'aluka. Panali chinthu chimene Adokotala sankadziwa. Abambo ake anagwira ku Chifunga zaka khumi ndi zinayi. Tsopano anali kunyumba. Pa mzere wa aganyu pankaima amayi ake.

2. Chenjezo la Amayi

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Abambo ake anali pakhomo, pa mpando wawo, akusoka nsapato ya mwana wa aneba. Ankagonanso pa mpando womwewo. Akagona chagada, mpweya unkawathawa.

Amayi ankachotsa timaulusi ta thonje m'tsitsi ndi chipeso. Mafunso anafotokoza zonse, ndi mawu a bwana omwe, osasiyako.

Abambo anaika nsapato pansi.

"Ngati fumbi ndi chakudya, ndiye ine ndinakhuta," anatero. Anayamba kuseka. Kusekako kunasanduka chifuwa. Anatsokomola atagwira mphuthu ya chitseko, misozi ikutsika. Panapita nthawi.

"Mawa ndikawauza Adokotala," anatero Mafunso.

Amayi anaika chipeso pa bondo.

"Khala pansi apo. Tamvera, mwana iwe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Adokotala akowo anabwera pa galimoto, adzapitanso pa galimoto. Buku lawo akalembera kwawo, anzawo akawaombera m'manja. Ife tidzatsala pano pomwe, ndi kapitawo yemweyo, geti lomwelo. Ukuyesa ndiwe woyamba kuona? Tonse maso tili nawo. Panali bambo wina wamtali, ankayendetsa makina achiwiri. Analankhula kwa oyendera mafakitale. Anamuthokoza, anamugwira chanza. Sabata yotsatira sanaitanidwe iye, mkazi wake, ngakhale mlamu wake amene sanatsegule pakamwa. Palibe anawachotsa ntchito. Waganyu sachotsedwa. Amangomudumpha."

"Koma amayi, akunama."

"Ndati tamvera. Nyumba ino yaima ndi mwendo umodzi, ndipo mwendowo ndine. Azing'ono ako awiri ali pa sukulu. Mankhwala a abambo ako sagwa ndi mvula. Ndiye pita ukafunse za pa pepala lako. Chonga timabokosi tako. Za pakhomo pano usakatchule. Wandimva?"

"Ndamva."

"Kumva kwake kwa makutu kapena kwa mumtima?"

Mafunso anayang'ana abambo ake. Iwo anali atatolanso nsapato ija.

"Mayi ako sakunama," anatero, maso ali pa singano.

3. Pa Mpope

Lachisanu Mafunso analawira limodzi ndi amayi ake. Anati akufuna akakonze mafomu Adokotala asanafike.

Musanakhote kupita ku geti pali mpope wa madzi, kuseri kwa mpanda wa malo ogulitsira matayala. Mafunso ankadutsapo tsiku lililonse dzuwa litakwera, pali zii. M'mamawa umenewu panali anthu oposa makumi atatu. Onse atawerama. Onse akutsokomola.

Wina anagwira mpanda. Wina ankamenya mnzake pamsana. Ankatulutsa makhololo, kulavula m'ngalande, kumwa madzi a m'manja, kuponya switi ya chifuwa m'kamwa. Ankachita mwachangu, mwadongosolo, ngati anthu osamba m'manja asanadye.

Amayi ake nawo anawerama. Chifuwa chimene chinatuluka Mafunso anali asanachimvepo. Kunyumba amayi sankatsokomola.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero akupukuta pakamwa. "Tiye."

"Onani Adokotala aang'ono," anatero mayi wina wonenepa amene anthu ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankazima. "Mwabwera ndi chitoliro? Pano ndiye pali oimba enieni."

Anthu anaseka, kenako n'kubwereranso pa mpope.

Pa geti, olembedwa ntchito ankangoonetsa makhadi awo n'kulowa. Aganyu ankafola mzere m'mbali mwa mpanda. Kapitawo anatuluka ndi thumba la tizitsulo ta manambala. Wolandira kachitsulo ndiye wagwira ntchito tsikulo. Wosalandira, kwawo.

Sanayambe kugawa. Anayenda kaye kuchokera koyambirira kwa mzere mpaka kumapeto. Pang'onopang'ono. Anavula jekete yake ya ku Chifunga n'kumaikung'untha pa ntchafu akuyenda. Fumbi loyera linkauluka pamaso pa anthu. Anabwerera. Anayendanso kachitatu.

Mzere wonse unali chete. Makosi ankagunda. Maso ankafiira. Bambo wina analuma kolala ya malaya ake.

Wailesi anapirira maulendo awiri. Wachitatu chifuwa chinamupulumuka. Kamodzi kokha, kakang'ono, ngati mbuzi yatsamwa.

Kapitawo sanamuyang'ane n'komwe. Anagawa tizitsulo. Atafika pa Wailesi, dzanja linadumpha.

"Akapitawo, ndi switi yandilowa pakhosi."

"Kapumuleni, mayi. Thanzi ndi lofunika."

"Zaka zisanu ndi zinayi, akapitawo."

"Wotsatira."

Wailesi anaima pomwepo mpaka geti linatsekedwa. Kwa nthawi yoyamba, anthu anamuona alibe mawu.

4. Kabokosi

Tsiku limenelo linali loyezanso kachiwiri anthu a ku Chifunga. Mafunso ankaitana manambala. Atafika pa nambala 43, palibe anayankha. Anayang'ana fomu. Anali Wailesi. Ndi iyeyo yekha mwa anthu onse aja amene anavomera kuti amatsokomola.

Kumapeto kwa fomu kunali funso: Chifukwa chimene sanabwererenso. Timabokosi tinali titatu. Anasamuka. Anakana. Anasiya ntchito yekha.

Kapitawo anali ataima pakhomo. Ndi iye ankabweretsa anthu asanuasanu.

"Ameneyo anasiya yekha," anatero. "Chonga chachitatu."

Adokotala ankalemba zina, osadzutsa mutu. "Chonga tipitirire, Mafunso. Nthawi yatha."

Kapitawo anamwetulira. "Mtsikana wanzeru uyu, Adokotala. Anatengera mayi ake. Mayi ake ndi munthu wodziwa kukhala ndi anthu. Si choncho, mwana wanga?"

Cholembera chinali pamwamba pa kabokosi. Akachonga, Wailesi achoka m'kafukufuku. Ku Chifunga kutsala anthu athanzi okhaokha, wotsokomola ngakhale mmodzi ayi. Tsamba lipita kwa bwana. Amayi ake alandira kachitsulo Lolemba.

Mafunso anaika cholembera pa tebulo.

"Palibe kabokosi kake," anatero.

"Wati chiyani?" anafunsa Adokotala.

"Sanasamuke. Sanakane. Sanasiye. Anatsokomola pa geti lero m'mawa, ndiye anamudumpha. Ndinalipo."

Kuseri kwa khoma makina ankalirabe. Kapitawo anayang'ana Mafunso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu woloweza nkhope. Anatuluka osatseka chitseko.

Adokotala anadzuka n'kukatseka okha.

"Yambira poyamba. Usasiye kanthu."

Anawauza za mpope. Za jekete. Za tizitsulo. Za abambo ake ndi mpando wawo. Mawu ankatuluka motentha, ena osatha bwino.

"Inu mukuyeza amene akapitawo asankha," anamaliza choncho. "Odwala ali kunyumba. Dzulo bwana anati fumbi ndi chakudya chathu, inu osayankha."

Adokotala anavula magalasi. Anakhala nthawi akuyang'ana mizere iwiri ya pa kompyuta ija.

"Ukunena zoona, sindinayankhe. Ndipo chinthu chimenechi timaphunzitsa ana a chaka choyamba ku yunivesite. Ukayeza okhawo amene akugwirabe ntchito, upeza athanzi okhaokha. Ndinapempha mayina a amene anasiya. Ku ofesi anati a aganyu sasunga. Ine ndinavomera, chifukwa kuvomera kunali kosavuta. Kulakwa kumeneko ndi kwanga." Anavalanso magalasi. "Koma ndisakunamize. Mayina a anthu sindilemba m'buku langa, komabe anthu ali ndi maso. Amayi ako sindingalonjeze kuti ndiwateteza. Mphamvu imeneyo ndilibe. Ungafune kundionetsa odwalawo kwanu?"

"Akapitawo amva kale," anatero Mafunso. "Mubwere mawa. Galimoto musiye. Mukwere minibasi."

5. Chitoliro Pakhomo

Usiku wa Lachisanu Mafunso sananene kanthu kunyumba. Loweruka amayi anapita ku ntchito ya theka la tsiku. Anaitanidwa. Mtima wa Mafunso unakhalako pansi.

Adokotala anafika cha m'ma naini, chikwama chili pamsana, nsapato zili ndi matope. Abambo anawayang'ana. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Ababa, awa ndi Adokotala. Ndawauza. Mukafuna muuzire chitoliro. Mukakana, ndiwaperekeza pa siteji."

"Mayi ako akudziwa?"

"Ayi."

Abambo anapukusa mutu. Anatambasula dzanja. "Bweretsa."

Anakoka mpweya. Anauzira. Mitsempha ya m'khosi inaima. Adokotala anayang'ana nambala, n'kugogoda kachipangizoko ndi chala.

"Tiyesenso, bambo. Mwina sikanagwire bwino."

Anayesa katatu. Nambala sinasinthe.

"Kagwira bwino, mayi," anatero abambo atapezanso mpweya. "Ndi ine amene sindikugwira. Khalani pa benchi apo ndikuuzeni. Inu mwawerenga nkhuku za m'khola, mwati kuno kulibe chitopa. Zakufa anataya kudzala. Ine ndinalowa ku Chifunga ndili mnyamata wosewera mpira osatuluka. Chaka chachisanu, chifuwa chinkandigwira Lolemba lokha. Ukapuma Lamlungu, Lolemba chimathina ngati lamba. Kenako Lolemba ndi Lachiwiri. Kenako sabata yonse. Kiliniki ija mwayandikana nayo ndi ya anthu a makhadi. Waganyu akalowamo, dzina lake limafika kwa kapitawo iye asanameze piritsi. Ndiye timadwala mobisa. Kalaliki akadwala amalandira kalata yopumira. Waganyu akadwala amagula switi. Mukalemba, mulembe zimenezo. Mulembenso kuti si ndife olimba. Tinangosowa kolowera."

Anapuma. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwenso tamvera. Sindikukudzudzula, sindikukuyamikiranso. Watsegula chitseko. Mphepo ikalowa usakabisale kuseri kwa Adokotala. Choonadi n'chabwino, koma kawirikawiri wochisenza si amene wachinena. Mawa chikalemera pa mutu pa mayi ako, udzakhalepo, udzagwire mbali yako. Walira mvula, walira matope."

"Ndidzakhalapo, ababa."

"Chabwino. Tsono thamanga ukaitane Wailesi. Ameneyo akamva, dera lonse lamva."

Pofika masana, mzere unali utatuluka pabwalo mpaka pa msewu. Amuna oonda. Amayi oyenda mogwira khoma. Mtsikana wina anabwera ndi chithunzi cha malemu bambo ake, n'kufunsa ngati akufa nawonso amawerengedwa. Adokotala anati inde. Timapulasitiki ta pakamwa tinatha. Anayamba kuwiritsa takale m'poto.

Wailesi ndiye anali kapitawo wa mzerewo.

"Tsokomolani mwaufulu, abale. Pano wotsokomola ndiye amalowa."

Anthu makumi awiri ndi atatu anauzira chitoliro tsiku limenelo. Palibe ngakhale mmodzi amene anali pa mndandanda wa ku ofesi.

Amayi anafika mzere ukadalipo. Anaima pa msewu, thonje lili m'tsitsi. Anayang'ana anthu. Anayang'ana Adokotala. Pomaliza anayang'ana Mafunso. Sanakalipe. Anadutsa pakati pa anthuwo, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Lamlungu lonse sanamulankhule.

6. Lolemba

Mafunso anadzuka amayi asanadzuke. Anawadikira panja. Anayenda pambuyo pawo, mapazi atatu, osalankhula. Pa mpope amayi anawerama nthawi yaitali. Lolemba chifuwa chimathina. Mafunso anawapatsa switi. Analandira osamuyang'ana.

Pa geti, Mafunso akanatha kuonetsa kalata yake ya kafukufuku n'kulowa. Sanalowe. Anaima tsidya la ngalande, moyang'anizana ndi mzere.

Kapitawo anatuluka. Anavula jekete. Anayenda kamodzi. Kawiri. Kachitatu. Pafupi ndi amayi anakung'untha mwamphamvu, fumbi n'kuwakuta kumaso. Amayi sanaphethire. Khosi linagunda, koma pakamwa panali potseka.

Anayamba kugawa tizitsulo. Woyamba analandira. Wachiwiri. Wachisanu ndi chimodzi. Atafika pa amayi, dzanja linadumpha.

"Akapitawo," anatero amayi mofatsa. "Sindinatsokomole."

"Mwana wanu wakutsokomolerani."

Anthu a pa mzere anayang'ana pansi. Mafunso anadumpha ngalande n'kukaima pambali pa amayi ake.

Amayi anayang'ana dzanja lawo lopanda kanthu. Analavula switi m'ngalande. Kenako anawerama pomwepo, pamaso pa geti, n'kutsokomola. Chifuwa cha zaka zitatu, chimene ankachibisira kapitawo, amuna awo ndi ana awo. Sanachiphimbe ndi nsalu. Anagwira phewa la Mafunso kuti asagwe.

Bambo woluma kolala uja anayang'ana kachitsulo kake. Anamasula khosi. Anatsokomola nayenso. Kenako mayi wa kumbuyo kwake. Kenako anyamata awiri a pa makina achinayi. Chifuwa chinayenda mu mzere wonse ngati moto wa pa udzu wouma. Makalaliki amene ankalowa ndi makhadi awo anaima n'kucheuka.

"Khalani chete," anatero kapitawo. "Ndati chete. Ndikudumphani nonse."

"Ndiye makina mukayendetsa nokha?" anafunsa munthu wina kumbuyo.

Amayi anaweramuka. Anapukuta misozi ya chifuwa ndi kuseri kwa dzanja. Dzanja linalo silinachoke pa phewa la mwana wawo.

"Unandimva ndi makutu okha," anatero.

"Pepani, amayi."

"Usapepese pano. Imirira bwino. Akutiyang'ana."

Chitseko cha ofesi chinali chitatseguka. Bwana woyang'anira antchito anaima pa masitepe, wopanda kapu ya tiyi. M'dzanja anali ndi fomu ya nambala 43, timabokosi take titatu tili topanda kanthu. Kumbuyo kwake mlonda ankatulutsa sikelo ndi mipando ya Adokotala n'kumaziunjika pabwalo.

Bwana anakweza fomu ija m'mwamba.

"Amene sanachonge apa ndani? Abwere mu ofesi. Iye ndi mayi ake."

Amayi anakonza mpango wawo. Mafunso anayang'ana kumsewu. Adokotala anali asanafike.